Kabwe Sanatseke Njira

Panali munthu wina wa ku Silverest, Kabwe dzina lake, amene ankamvera wotchi yake kuposa anthu. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mlamu wanga amene analipo. Wotchiyo inali ija yoyeza liwiro. Loweruka lililonse Kabwe ankapita ndi gulu la okonda kuyenda pansi m'tchire, akabwerako n'kumaonetsa aliyense pa foni kuti wathamanga bwanji.

Anali ndi chibwenzi, Mainess, mphunzitsi wa ku Chongwe wokulira ku Nkomeshya. Mphete anali atamuveka, makadi a ukwati atatuluka kale. Tsiku lina mu Okutobala anamutenga ku ulendo wozungulira: kutsika ndi mtsinje wa Chongwe, kuwoloka, kukwera kaphiri, n'kubwerera tsidya linalo mpaka pamene anasiya magalimoto. Ulendo wa tsiku lathunthu.

Atafika pa kamlatho, bambo Tenson, mtsogoleri wa gululo, anaimitsa anthu.

"Zuba ya lelo si ya masewera. Tonse tibwelele pano."

"Ine sinibwelela pakati," anatero Kabwe. "Ine na Mainess tizazunguluka yonse."

"Ngati ni so, musasiyane. Kuja njila ni zambili, za ng'ombe, za ku madimba, za bamalasha, baja bootcha makala. Ukapita kusogolo, chita monga eni malo. Pa mphambano thyola nthambi yaiwisi, uike pa njila yamene simupita. Wa kumbuyo azaziba kuti uko kwavalika, njila yatsekeka."

Kabwe anaseka. "Va kumunzi ivo, ba Tenson. Tili na mafoni."

Gulu linabwerera, awiriwo anapitirira. Dzuwa lili pamutu, nsapato zatsopano za Mainess zinamutulutsa matuza, anayamba kutsimphina. Kabwe maso pa wotchi, milomo ili tolotolo.

"Iwe, unionongela taimu. Uzanipeza ku motoka."

"Pita," anatero Mainess. "Koma uzivala njila, wamvela?"

"Namvela, namvela."

Anamva chiyani? Anachoka ngati wothamangitsidwa ndi njuchi, chikwama cha madzi a onse awiri chili kumsana kwake.

Mainess anafika pa mphambano yoyamba, nthambi panalibe. Anayang'ana foni, netiweki palibe. Anasankha njira yopondedwa kwambiri, koma inali ya ng'ombe, inakathera m'matope. Anabwerera. Pa mphambano yachiwiri, chimodzimodzi. Njira ina inamufikitsa pa uvuni wa makala, kulibe ndi munthu yemwe. Kukhosi kunauma gwa, m'maso mukuchita mdima. Analira, ndipo sikunali kulirira matuza. Zinamupweteka kuti munthu amene akufuna kumukwatira walephera kumuthyolera kanthambi, chinthu chaulere chimene ngakhale mlendo amachitira mnzake.

Mwamwayi anatulukira pa dimba la mayi wina wothirira repu. Mayiyo anamupatsa madzi ndi mapatapata, namulozera njira yeniyeni.

"Mwana wanga, nkhala pansi. Amuna anga azakupeleka na ngolo mpaka ku mseu."

"Zikomo amai, koma iyayi. Nayamba na mendo, nizasiliza na mendo. Nifuna anione nikufika neka."

Anakoleka nsapato m'khosi, nakwera kaphiri kaja ndi mapatapata obwereka. Anafika pa magalimoto dzuwa litapendeka, bambo Tenson ndi anzawo akumanga nsapato kuti akamufunefune. Kabwe anali m'galimoto, zoziziritsa mpweya zikuwomba, atatumiza kale zithunzi zoti lero waphwanya rekodi. Ataona Mainess, m'malo mogwada, anayamba nthabwala.

"Bwanji, wasoba? Ati ndiwe wa kumunzi iwe?"

"Kabwe, wavala mphambano zingati?"

Mainess anafunsanso:

"Manzi yanga yali kuti?"

Kabwe analoza mabotolo. Onse awiri anali opanda kanthu. Mainess sanatukwane, sanakuwe. Anangotsegula chitseko cha galimoto ya bambo Tenson, nakhala kumbuyo.

Sabata imeneyo alangizi anachuluka ngati ntchentche pa mango. Azakhali a Mainess anamukhazika pansi.

"Amuna ndiye mwamene alili. Limbikila chabe. Makadi yanachoka kudala, uzatichititsa nsoni."

"Makadi ni mapepala, atate aakazi. Lelo anisiya na matuza. Mailo nikakhala na mimba azanisiya kuti? Nsoni nizazinyamula, sizilema monga uja mwamuna."

Loweruka lotsatira Kabwe sanapite koyenda. Anavala jekete, natenga nkhoswe yake, mkulu wina wa ku Chipata, ulendo wa ku Nkomeshya kukapepesa. Anasiya galimoto pa msewu, nalowa kanjira kopita kwa makolo a Mainess. Atatsala pang'ono kufika, nyumba zikuoneka, mkulu uja anaima. Nthambi yaiwisi, yothyoledwa m'mawa womwewo, inali itagona mopingasa njira.

"Tibwelele," anatero mkuluyo.

"Ni kanthambi chabe, lekani nichose."

Kabwe anawerama kuti aichotse. Pamenepo ndi pamene anaona mphete ija anamuveka Mainess itamangiriridwa pa nthambiyo ndi kaulusi. Anakweza maso. Mainess anali chiimire pabwalo la bambo ake, manja m'chiuno, osagwedezeka.

"Uyu mwana avala bwino njila," anatero mkulu uja akutembenuka. "Sasiya munthu asobe."

Phunziro: Wokusiya pa mphambano lero adzakusiyanso pa chipatala mawa. Atsikana, musaope makadi, musaope zonena anthu. Anthuwo sadzakhalapo tsiku limene mudzatsale nokha padzuwa. Nanu amuna othamanga, wotchi sidzakuphikirani phala mukadwala. Tumizani nkhaniyi kwa achemwali anu onse, ndipo mwamuna amene imupweteke, ndi wake uthengawu.