Ana Angati, Mayi?

Wapolisi atamuimitsa, Kaisu anatsitsa galasi la galimoto, mphepo yachisanu n'kumuwomba kumaso. Ankachokera kumaliro a mwana wake wamng'ono, Aatos, ndipo sanazindikire n'komwe kuti akuthamanga kwambiri pamsewu wa kutauni ya Kajaani.

"Mayi, pa liwiro limeneli chindapusa chimatengera malipiro anu," anatero wapolisiyo, mtsikana wofiira mphuno ndi kuzizira, akudina foni yake. "Malipirowo ndawaona kale. Kwatsala funso limodzi: mukusamalira ana angati? Mwana aliyense amatsitsako chindapusa."

"Awiri," anayankha Kaisu msanga, monga ankayankhira nthawi zonse.

Wapolisi analemba. Kaisu anagwiritsitsa chiwongolero mpaka zala kuyera.

"Dikirani," anatero ndi mawu osasa. "Mmodzi."

Mtsikanayo anadzutsa mutu. Anaona diresi lakuda, kenako kampando ka mwana kali kopanda munthu kumbuyo.

"Ndingosiya awiri, mayi. Palibe adzafunse."

"Ayi, lembani mmodzi. Aka n'koyamba kuti ndizinene ndi pakamwa panga."

Wapolisi anafufuta n'kulembanso. Chindapusa chinakwera ndi ndalama zochepa chabe, mayuro owerengeka.