Malovu a Mwini Mbumba

Chiyambireni lamulo loyeza malovu, munthu amagula kugolosale chakudya chokhacho chimene thupi lake lalola. Amaika chala pamakina, makinawo n'kumuuza chomuyenera.

Timabotolo toyezera titafika pakhomo, a Chimkwita anatitolera tonse n'kulavuliramo okha. Iwo ndiwo mwini mbumba, pamaliro ndi paukwati amayankhulira onse. Komanso malovu a mwana sapatsidwa kwa alendo. Ndani akudziwa kumene amakawasunga?

Zotsatira zitatuluka, Esinati, mwana wa mlongo wawo, anabwerako kugolosale chimanjamanja, kamwana kake Tadala kali kumsana.

"Malume, akana kundigulitsa mkaka wa Tadala. Akuti mafuta amupweteka mtima. Ine andiletsa mchere, ndiponso akuti ndikayezetse nthenda yovutika kukodza, ija ya madala."

"Iweyo? Makinawo aledzera."

"Akuti tonse pakhomo pano ndife munthu mmodzi."

A Chimkwita anakanda imvi zawo. Apa makina ananena zoona, magazi ndi amodzi. Nanga akulangiranji mwana chifukwa cha zoonazo?

"Akuti aliyense akalavule payekha," anatero Esinati. "Apo ayi, Tadala azingomwa phala lamadzi."

Tadala anali kulira akuyamwa chala. Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamunyamula yekha mpaka kuchipatala.

"Alavule," anauza namwino, atamukumbatirabe mwanayo. "Koma mukatha kuyeza mundibwezere malovuwo, ndikawakwirire ndekha."