Nkhope ya Pakhoma la Fakitale

Mayi telala anali akupinda siketi ya kasitomala pamene anakweza maso n'kuona nkhope yawo pakhoma.

Khomalo linali la fakitale yakale ya sopo, tsidya la msewu, moyang'anizana ndi khomo la shopu yawo. Kwa zaka zambiri linali lodzaza ndi zolemba za anthu opopera penti: mayina opindikapindika, mitima yolasidwa ndi mivi, mawu otukwana. Mayi telala ankadana nazo. Ankati olembawo ndi anthu osowa chochita, ofunika kuwathira madzi a mopu. Tsiku lina anamuthiradi wina.

Koma wojambula uyu anali wamtundu wina: bambo wa ndevu zaimvi, wovala ovololo yothimbirira, wokhala ndi makwerero aatali ndi katoni yodzaza zitini za penti. Lolemba anapaka khoma lonse penti yoyera. Lachiwiri anajambula tsitsi ndi chipumi, Lachitatu maso. Pofika Lachinayi masana panali mphuno, timaenje ta m'masaya, ndi kampata kapakati pa mano akutsogolo.

Mayi telala anaimitsa makina. Anapita pakalilole wa makasitomala, n'kumwetulira. Kampata kanali komweko. Timaenje tija tinali titakwiririka pang'ono ndi zaka, koma tinalipo. Pakhomapo panali iwo ndithu, mmene analili ali ndi zaka makumi awiri, chaka chimene anakumana ndi amuna awo.

Apa zonse zinamveka. Mwezi wotsatira ankakwanitsa zaka makumi awiri ali pabanja. Amuna awowo, dalaivala wa thiraki, anali munthu wouma pakamwa, woti chikwatirane sanawagulireko ngakhale kampango. Masiku amenewo ankabisa foni, akalandira uthenga n'kutuluka panja. Kani ankakonza zimenezi.

Anatuluka tepi ili m'khosi n'kulowa mu saluni yoyandikana nayo. Mwini saluniyo amuna ake anali atamuthawa chaka chathacho, ndipo mayi telala sankalola kuti aiwale.

"Mwaona anzathu? Amuna ena amathawa, ena amakuika pakhoma. Zimatengera mmene wamugwirira."

Mayi wa saluni anapitiriza kuluka. Azimayi atatu amene ankadikira pabenchi anayang'anizana.

"Mwaonetsetsa kuti ndinu?" anafunsa mayi wa saluni.

"Angakhalenso ndani? Kwathu tinabadwa awiri, koma kukongola kunagwera ine. Mng'ono wanga uja anangotola nyenyeswa. Ulesi wokhawokha, n'chifukwa chake ndinamuthamangitsa pakhomo panga."

"Indedi," anatero mayi wa saluni. "Ndiye muzisamale chithunzicho."

Akutuluka anamva kuseka m'mbuyo. Nsanje, anatero mumtima.

Kuyambira tsiku limenelo mayi telala anasanduka katswiri wa zojambula. Anakokera makina pafupi ndi khomo kuti aziona bwino. Kasitomala aliyense ankayamba waonetsedwa khoma asanayezedwe m'chiuno.

"Taonani mmene wasakanizira penti pa tsaya apo, ngati dzuwa likuwomba pakhungu lenileni. Si zija za ana opulukira zija ayi. Ili ndi luso. Maso aja mukasunthira uku, akukutsatani."

Bambo wina wogulitsa nsapato zakale atayala malonda ake m'munsi mwa khomalo, mayi telala anamukankhira nsapatozo mu ngalande ndi phazi. Kenako anatumiza tiyi kwa wojambulayo. Iye anathokoza ali pamwamba pa makwerero, maso ali kumbali. Mayi telala anaganiza kuti wojambulayo anauzidwa kusunga chinsinsi, ndipo nawonso kunyumba sananene kanthu. Ankangowaonjezera amuna awo nyama m'mbale.

Loweruka anavala diresi yawo yakumaukwati, n'kuitana msewu wonse: a mu saluni, a mu butchala, mayi wogulitsa mafoni. Ankafuna chithunzi ataima pansi pa nkhope yawo. Anthu anabwera mwachangu kuposa mmene ankayembekezera, ena atatulutsa kale mafoni.

Wojambulayo anali atafika m'munsi mwa chithunzicho. Anali atamaliza mapewa, diresi yachikasu, ndi manja awiri. Manjawo anali atagwira mimba yaikulu yozungulira.

Mayi telala anayang'ana nthawi yaitali. Zaka makumi awiri za zipatala, mapemphero ndi mawu a apongozi, iwo anali asanatengepo pakati. Msewu wonse unkadziwa.

"Bambo," anatero motsitsa mawu, "apa mwalakwitsa. Ine sindinakhalepo chonchi. Fafanizani."

Wojambulayo anatsika pang'onopang'ono, n'kupukuta manja pa ovololo.

"Ine ndimajambula chimene ndapatsidwa, mayi."

"Ndiye ndikuuzani ine mwini nkhopeyo."

Bamboyo anayang'ana anthu aja. Palibe anamuthandiza. Mayi wa saluni anali atapinda manja, akumwetulira. Wojambulayo anatulutsa foni m'thumba, n'kuwapatsa mayi telala.

Pachithunzipo panali mng'ono wawo, atavala diresi yachikasu, atatsamira thiraki, amuna a mayi telala atamukoleka dzanja m'khosi.

"Amene anandituma ndi adalaivalawa," anatero wojambulayo. "Koma khoma anasankha ndi akazi awowa. Anati akufuna akulu awo aziwaona tsiku lililonse akamasoka."