Mpopi Utamukana Asiyatu

Mumzinda wa pagombewo mpopi sunkatsegukira aliyense. Unkayika chala chachikulu pakagalasi, makina akakuzindikira madzi n'kutuluka. Chitseko cha chimbudzi cha pamsika chinalinso chimodzimodzi.

Asiyatu ankapala nsomba ndi kuzithira mchere tsiku lonse, mpaka mizere ya m'zala zake inafufutika. Lolemba mpopi unamukana. Pofika Lachitatu matewera a mwana anali atadzaza beseni, ndipo apongozi ake anayamba kunena zokatunga kunyanja.

"Madzi omwe aja anagoneka ana a kwa Chikopa m'chipatala? Ayi amayi, wangayu samwa amenewo."

Asiyatu anabereka mwana, ulendo ku ofesi ya zamadzi. Kalaliki anamuyesa zala zonse khumi, makina ali chete.

"Pepani mayi. Mupume kaye ntchitoyo mwezi umodzi, mizere ibwerere."

"Mwezi umenewo tizidzadya kwanu, achimwene?"

Asanayankhidwe, Asiyatu anavula patapata, napukuta phazi ndi chitenje, n'kulikweza patebulo. Kalaliki anadzambatuka pampando.

"Mayi inu! Muno ndi muofesi!"

"Funsani makina anuwo ngati akudandaula."

Chala cha kuphazi chitangokhudza galasi, nyali yobiriwira inayaka. Kalaliki anakanda mutu, nalemba dzina.

Masana amenewo amayi a pampopi anaseka mpaka kugwira nthiti poona Asiyatu ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Iye anadzaza zidebe zitatu, nachapa matewera onse dzuwa likadali pamutu.

Kutacha, kalaliki anapeza mzere wa amayi opala nsomba pakhomo, aliyense patapata ali m'manja.