Ngala zitatu za mapira ofiira

Panali mayi wina m'mudzi wa kufupi ndi Chiputo, dzina lawo Anabela. Nkhaniyi ndi yoona, wandiuza ndi munthu amene amatunga nawo madzi pa chitsime chimodzi.

Mayiwa anali ndi mapira ofiira amene panalibe wina anali nawo m'dera lonselo. Ankacha msanga, anzawo nkhokwe zili mbee, ndipo ngakhale mvula idule ankabereka ndithu. Mbewuyo adawasiyira malemu mayi awo, amene adaimanga pansalu pothawira ku Zambia nthawi ya nkhondo, n'kubwerera nayo. Chaka ndi chaka mayi Anabela ankasankha ngala zabwino n'kuzipachika kudenga la kozinya yawo, kanyumba kophikira kaudzu, pamwamba pa moto, kuti utsi uziingitsa anankafumbwe.

Sanali munthu woipa ayi. Njala ikavuta ankagawira anzawo ufa osawerengera. Koma mbewu, ee, bola muwapemphe mbuzi.

"Mana Anabela, kupatsa n'kuika," anawalangiza mlongo wawo Jordão. "Patsaniko anthu awiri atatu adzale. Mbewu siisungidwa padenga limodzi."

"Ndi chokhacho amayi adandisiyira," iwo anayankha. "Ikamera m'munda mwa aliyense, changa chikhala chiyani?"

Tsiku lina anapezerera Benilde, mkazi wamasiye woyandikana naye munda, akudula ngala m'munda mwawo. Anakuwa, anthu anasonkhana, ndipo anamulanda ngalazo onse akuona.

Chaka chatha, mvula ili pafupi, mayi Anabela anapita kumaliro ku Malowera n'kukhalako sabata yathunthu. Mwana wawo Inácio, amene amakumba golide ku Fíngoè, anali atachita kamwayi. Anabwera ndi malata kuti awadabwitse mayi ake. Anagwetsa kozinya yakaleyo, udzu wake n'kuutentha, n'kumanga ina yamalata. Mtolo wakuda bii ndi mwaye umene unali lende kudenga anauyesa zinyalala, nawonso unapita pamoto.

Mayi atafika, Inácio anawachingamira akumwetulira.

"Mamã, taonani! Kudontha kuja kwatha."

Iwo analowa, anayang'ana kudenga.

"Mwanawe, mbewu zanga zili kuti?"

"Mbewu ziti, Mamã?"

Mayi anakhala pansi pomwepo. Sanamukalipire, poti adachita ndi chikondi. Mapira ena onse anali atapita kale kuchigayo.

M'mawa mwake anayamba kuyenda khomo ndi khomo. Kulikonse yankho linali limodzi: "Tikanaitenga kuti, mayi? Paja simunkapereka." Pomaliza, manyazi atawagwira, anafika kwa Benilde.

"Comadre, mayi mnzanga, ndabwera wogwada. Tsiku lija, palibe ngala imene mudapulumutsa? Ngakhale njere khumi zokha."

Benilde anapukusa mutu.

"Ziwiri mudandilanda m'manja, mayi. Yachitatu ndidaibisa m'nsalu, mudandisecha n'kuipezanso. Sindinkafuna kudya ine, ndinkafuna kudzala. Bwenzi lero ndikukutapirani m'dengu."

Mayi Anabela analira ngati mayi awo amwalira tsiku lomwelo. Benilde analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale ya mapira ake oyera.

"Awa ndi ochedwa kucha, koma kadzaleni. Chaka chamawa mudzapatseko wina."

Anadzaladi. Mwezi wa njala utafika, nawonso anagona ndi njala pamodzi ndi mudzi wonse. Mapira ofiira aja adapulumuka nkhondo, koma lero palibe munda ngakhale umodzi umene akumera.

Phunziro: Mbewu yamakolo ikakhala kwa munthu mmodzi, imatha tsiku limodzi, ndipo ikatha simungaigule m'sitolo iliyonse. Nkhokwe yodalirika ndi munda wa mnzako. Ngati muli ndi mapira, mawere, nzama kapena khobwe wa makolo, patsaniko anzanu mvula isanagwe. Musaumire nkhaniyi ngati mayi Anabela, itumizeni kwa alimi onse amene mukuwadziwa.