Matumba Owerengedwa Kawiri

"Wagwiragwira chiyani m'makinamu?" Bambo Zaidi, mkulu wa ofesi yowerengera zokolola, anamenyetsa pepala patebulo la Rahila, kalaliki wawo.

Dzulo lake kompyuta inkati midzi ya ku Mwadzama yakolola matumba 9,000 a mpunga. Lero inkati 5,200.

"Imadula njira powonkhetsa, bwana. Mlimi wa minda iwiri imamuwerengera matumba omwewo kawiri. Ndakonza."

"Anakutuma ndani? Nambala ija ndinaitchula Loweruka pamsonkhano wa chipani, anthu n'kuwomba m'manja. Ukufuna ndikanene kuti kuno kuli njala? Ukudziwa kumene amapita onena zimenezo?"

Rahila ankadziwa. Ankadziwanso kuti nambala yakaleyo ikapita kulikulu, lole ya chimanga chothandizira anthu idzangodutsa pamsewu osakhota. Kwawo ku Mwadzamako, azakhali ake anali atayamba kale kuphika mango aawisi.

"Bweza mmene zinalili. Pompano, ine ndili chiimire."

Rahila anaika zala pamabatani. Anadina. Makina osindikizira anayamba kulira, pepala likutuluka mzere umodziumodzi. Bambo Zaidi analitsomphola litangotha kutuluka. Nambala inali 5,200 yomweyo.

"Pansipo ndalemba dzina langa, bwana. Lanu palibe."

Bambo Zaidi anayang'ana dzinalo. Kenaka anapinda pepalalo, n'kulilowetsa mu envulopu ya kulikulu.

"Akabwera kudzakutenga usandiyang'ane. Ine lero ndinali ku Dwangwa."