Dimba la Njuchi, Ulemu wa Gulugufe

Padangokhalatu Njuchi, amene anabzala maluwa osakaniza m'mphepete mwa mpanda wake, ena ophuka dzinja, ena chilimwe. Mlamu wake Gulugufe ankangoseka. "Alamu, limeneli ndi dimba kapena tchire?"

Dzuwa litawamba mudzi wonse, maluwa anatsala kwa Njuchi kokha. Tsiku lina akuchokera kuchitsime, Njuchi anapeza Gulugufe akuonetsa alendo dimbalo. "Nzeru zanga zonsezi! Alamuwa amangothirira."

Njuchi anatula ndowa. "Inu? Mpini wa khasu munaugwirapo inu?"

Koma alendowo anayang'ana malaya okongola a Gulugufe, n'kumuombera m'manja.

Njuchi analunjika kwa wosula zitsulo, nakasulitsa kamkondo. Mpaka lero salowa m'maluwa osakanyamula.

Nthano yanga yathera pa mbola pomwepo.